Mayina Ankathera pa Tsamba Lachisanu

Pamene fomu ya a Keziya inafufutika kachitatu, Witness anachotsa manja pa laputopu n'kuwaika pamiyendo. Anali atalemba zonse, dzina, nambala ya chitupa cha reji, mudzi, kukula kwa munda ndi mbewu imene mayiwo analima chaka chatha. Anali atawajambula ataima pakhoma loyera. Atadina kuti chithunzicho chipite, kachizindikiro kanazungulira, kanazunguliranso, kenaka tsamba lonse linabwerera pachiyambi n'kuyamba kumufunsa iyeyo dzina lake ndi mawu achinsinsi.

Linali Lachitatu, sabata yolembetsa alimi ofuna mbewu ya mtedza. Holo ya bungwe la alimi, kuseri kwa msika wa Lundazi, inali itadzaza, ndipo mzere unatuluka pakhomo mpaka pomwe anthu anatsamiritsa njinga. Mndandanda unkatsekedwa Lachisanu. Amene dzina lake silinalowe pofika tsikulo, thumba lake silikanakwera lole yochokera ku Chipata.

Witness anatumiza uthenga kuti Tryphena abwere msanga.

Tryphena Mtonga ndiye ankayang'anira makompyuta a ofesi ya Lundazi. Anabadwira pa boma pomwepo, anakaphunzira ku Kitwe, anagwira ntchito zaka ziwiri ku Lusaka, n'kubwerera kwawo bambo ake atamwalira. Alimi ankamuitana Nyamtonga. Atalowa m'holomo anapeza kuti makalaliki onse anayi ali ndi vuto limodzi, ndipo chiyambire m'mawa anali atamaliza anthu khumi ndi mmodzi okha. Anapatsa moni a Keziya, iwo n'kuyankha ndi mutu chabe. Anakhala pampando wa Witness, nayesa yekha. Fomuyo inamuthawa pa tsamba lachisanu, ngati mmene inachitira kwa anzake.

Sanafunikire kuganiza kwambiri, chifukwa anali atazionera kale patali.

Mafomu a bungwelo sankakhala ku Lundazi. Ankakhala ku Lusaka, m'makompyuta akuluakulu atatu otchedwa maseva. Kutsogolo kwa masevawo kunali makina ena ogawa ntchito, amene anthu a makompyuta amati lodi balansa. Aliyense wolowa, balansayo inkamulozera seva imodzi kuti pasakhale yolemedwa kuposa zinzake. Fomu yosamalizidwa inkakhala m'seva imene munthu wayambirapo basi, zinazo sizinkaidziwa. N'chifukwa chake balansa inkasiya m'laputopu ya munthu kachizindikiro kotchedwa kuki, kuti akabweranso imuzindikire ndi kumubwezera ku seva yake yomweyo.

Milungu iwiri m'mbuyomo kunabwera imelo yonena kuti balansa yakale ichotsedwa, ndipo kwa masiku angapo yakale ndi yatsopano zizigwira ntchito limodzi, anthu ena uku ena uko. Tryphena anayankha tsiku lomwelo. Anafunsa ngati yatsopanoyo idzatha kuwerenga kuki ya yakale. Anapempha kuti ngati sidzatha, ntchitoyo idikire kaye kulembetsa alimi kuthe. Cyprian, mkulu wa makompyuta ku likulu, anamuyankha ndi mzere umodzi wonena kuti zonse zinayesedwa kale.

Tsopano Tryphena anatsegula pamene laputopu imasungira makuki, napeza awiri, mayina osiyana. Netiweki ya m'holomo inkaduka kamphindi monga mwa masiku onse, makamaka potumiza chithunzi. Ikalumikizanso, nthawi zambiri laputopu inkagwera pa balansa inayo. Iyo sinkasamala kuki ya inzake, inkangomuponya kalaliki ku seva ina, imene sinamvepo za a Keziya. Anajambula zonse ndi foni, ndi dzina la seva limene linkasintha m'munsi mwa tsamba, natuluka panja kukaimba.

Cyprian anayankha kachinayi. Anamvetsera pang'ono, kenaka anamudula mawu. Anati ku Lusaka zonse zikuyenda, ku Chipata zikuyenda, palibe wadandaula. Tryphena anamufotokozera kuti ku Lusaka ndi ku Chipata netiweki siduka, ndiye munthu amamaliza fomu yonse asanasinthe balansa. Anamupempha chinthu chimodzi mwa ziwiri: yatsopanoyo aiuze izigwiritsa ntchito kuki ya dzina lakale, kapena aiyimitse mpaka Lachisanu madzulo. Zonsezo zinali ntchito ya mphindi khumi.

"Manje imwe, sisita, netiweki yanu ni vuto yanga?" anatero Cyprian. "Fufutani makuki, muzimye malaputopu, muyatsenso. Komanso muwaphunzitse makalaliki anu. Anthu a kumadistiliki amadina zilizonse."

Tryphena anamukumbutsa za imelo ija. Cyprian anati ali pamsonkhano, nadula.

Tryphena anaima padzuwa foni ili m'manja. Chimene chinamupweteka kwambiri si kudulidwa kwa foniyo. Iye anali atagwirapo ntchito m'maofesi a makompyuta ku Lusaka, ndipo ankadziwa mmene amayesera zinthu kumeneko: munthu wakhala m'chipinda chozizira, waya wabwino uli kumbuyo kwa kompyuta, amadina kawiri katatu n'kunena kuti zatheka. Palibe amene anafunsa kuti holo ya malata ku Lundazi imalandira bwanji netiweki.

Pobwerera m'holomo anapeza a Manasseh Zimba, manijala wa ofesi ya Lundazi, ataima kumbuyo kwa Witness. Cyprian, amene analibe nthawi yomvetsera, anali atapeza nthawi yowaimbira iwo. A Manasseh anali munthu wosafuna kuti dzina lake limveke ku likulu pa nkhani yoipa, ndipo akaopa ankakalipa. Anamufunsa Witness mokweza, anthu onse akumva, ngati setifiketi yake ya kompyuta anaiphunzirira kapena anaitola. Anati miyezi isanu ndi umodzi yakwana kuti munthu adziwe kudzaza fomu. Anati ngati ntchito yamukanika anene, kunja kuli anthu ambiri ofuna mpandowo.

Witness anali mkazi wa zaka makumi atatu ndi zisanu, mayi wa ana atatu, wochokera ku Chipata, ndipo ankalemba mofulumira kuposa onse m'chipindamo. Anangoyang'ana patebulo.

Tryphena anati vuto si Witness, ndipo akhoza kuwaonetsa. A Manasseh anati sanamufunse iyeyo, komanso a ku Lusaka anena kale pamene pali vuto.

Mawu a manijala anagwera pa anthu otopa. A Keziya anali atachoka ku Kapichila kusanache bwino, pa njinga yobwereka, atasiya amuna awo ali chigonere ndi mwendo wotupa. Anali atakhala pampando umenewo kuposa ola, atatchula dzina la mudzi wawo katatu, atajambulidwa katatu. Anaimirira pang'onopang'ono, namanga chitenje chawo.

"Ndiye kuti ni imwe," anatero, akuloza Witness. "Ine nimati ni makina. Mukulemba dzina langa, mukufufuta. Mukulemba, mukufufuta. Thumba langa mufuna kupatsa ndani?"

Anthu a pamzere anali akudikira funso lotero. Bambo wina anati chaka china zinachitikanso, mayina a anthu anasowa koma achibale a ogwira ntchito analandira. Mayi wina anati makalaliki awiri mwa anayiwo si a kuno, ndiye adziwa bwanji kuwawa kwa munthu wa ku Kapichila. Mawu anafika panja atakula kale, ndipo amene anali panjawo anayamba kukankhana pakhomo kuti aone ndi maso awo. Benchi linagwa. Wina anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka laputopu inadumpha. Witness anatenga chikwama chake n'kutulukira khomo la kumbuyo. A Manasseh anakweza manja kupempha bata, koma palibe anawamva, ndipo posakhalitsa nawonso anapezeka ali mu ofesi yawo, chitseko chotseka.

Tryphena anakwera pampando. Sanali munthu wolankhula pagulu, koma anakweza mawu. Analankhula m'Chitumbuka. Anawauza kuti iye ndi Nyamtonga, nyumba ya mayi ake amaidziwa, ndipo ngati pali wakuba mbewu akamufunse iyeyo kunyumbako. Anati palibe kalaliki amene wafufuta dzina la munthu, cholakwa chachitika ku Lusaka, ndipo akupempha theka la ola. Ngati likwana zinthu zisanasinthe, iye mwini adzalemba mayina onse papepala n'kusaina.

Ena anatuluka akutukwana, nakwera njinga zawo. Ambiri anakhala.

Chimene anachita chinali choletsedwa, ndipo ankadziwa. Malamulo a bungwelo ankati wa ku distiriki asasinthe kalikonse m'kati mwa malaputopu popanda chilolezo cha likulu. Analembera Cyprian uthenga wonena zimene akufuna kuchita, naikamo zithunzi za makuki zija, anadikira mphindi zisanu, ndipo uthengawo unaoneka kuti wawerengedwa koma yankho silinabwere. Pamenepo anatsegula laputopu iliyonse n'kulembamo adiresi ya balansa yakale, kuti izipita kumeneko kokha, netiweki iduke kapena isaduke. Anafufuta makuki onse. Anakhala pampando wa Witness naitana a Keziya.

Mayiwo anatchula dzina lawo kachinayi, akukukuta mano. Pa tsamba lachisanu kachizindikiro kanazungulira, netiweki inaduka, inabwerera, ndipo chithunzi chinapita. Tryphena anatembenuza laputopu kuti aone dzina lawo ndi nambala yawo. Anawalembera nambalayo pa kapepala.

A Keziya anakapinda kawiri nakamangirira pa chitenje. Anafunsa ngati zoona mayi uja analibe mlandu. Tryphena anati analibe ngakhale pang'ono. A Keziya anaima kanthawi akuyang'ana khomo la kumbuyo, kenaka anati dzuwa lakwera ndipo wodwala ali yekha, natuluka.

Mzere unayamba kuyenda. Tryphena anamupeza Witness atakhala pa sitepe kuseri kwa holo, maso ali ofiira. Anamupempha abwerere. Witness anati abwerera chifukwa cha anthuwo, koma a Manasseh asamuyandikire. Pofika 2 koloko anali atalembetsa anthu oposa zana.

Nthawi ya 2 koloko itangodutsa, malaputopu onse anayi anaima nthawi imodzi. Sanabwerere pachiyambi ngati m'mawa, anangoti tsambalo silikupezeka. Tryphena anayesa adiresi ya balansa yakale, napeza kuti kulibenso. Cyprian anali ataizimitsa masiku awiri nthawi yake isanakwane, osauza aliyense.

Tryphena anachotsa msanga zimene analemba m'malaputopu muja. Popeza tsopano balansa inali imodzi yokha, panalibenso kolimbana, ndipo mafomu anayamba kuyenda bwinobwino. Anthu anayi amene anali pakati pa fomu anayambiranso. Zonse zinatenga mphindi makumi awiri.

Isanakwane 4 koloko, imelo ya Cyprian inafika kwa mamanijala onse a bungwelo. Inati kusamuka kwa balansa kwatha bwino, tsiku lake lisanafike. Inati vuto laling'ono linaoneka ku Lundazi kokha, ndipo linabwera chifukwa ofesala wa kumeneko anasintha malaputopu popanda chilolezo. Atabwezera zinthu m'malo mwake, zonse zinayenda.

Tryphena anaiwerenga ataimirira. Anaiwerenganso. Mawu aliwonse paokha anali oona, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupsetsa mtima koposa. Anadziwa kuti Cyprian anaona zithunzi zija, anamvetsa, nazimitsa balansa yakale kuti umboni uthe. Anapita kukasamba kumaso pa mpopi wa panja. Atabwerako anawerengera anthu amene anatenga manambala a mzere m'mawa n'kuchoka osalembetsa. Anali makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu, ambiri a midzi yakutali.

Yankho lake analitumiza kwa onse amene analandira imelo ya Cyprian. Anaikamo imelo yake ya milungu iwiri yapitayo ndi mzere umodzi uja wa Cyprian. Anaikamo zithunzi za makuki awiri, nthawi yake ikuoneka pakona, 9 koloko m'mawa, iye asanakhudze laputopu iliyonse. Anaikamo uthenga wopempha chilolezo umene unawerengedwa osayankhidwa. Anavomera kuti anaphwanya lamulo. Pomaliza analemba chiwerengero cha alimi aja, ndi kuti kalaliki wina watchedwa wakuba pamaso pa anthu mazana awiri.

A Manasseh anamuitana m'mawa mwake. Anali otuwa. Anati munthu sayankha mkulu wa ku likulu pamaso pa mamanijala onse, nkhani zotere zimakambidwa mwakachetechete, ndipo iye wawachititsa manyazi. Tryphena anawafunsa ngati iwo anamukalipira Witness mwakachetechete. Iwo anati zimenezo n'zina. Anati masana kuli msonkhano wa pa kompyuta ndi a dayirekitala, ndipo iye akangoyankha zimene wafunsidwa.

A dayirekitala anali a Angelina, mayi wachikulire wosakonda zolankhula zambiri. Anamulola Cyprian kufotokoza, ndipo anafotokoza kwa nthawi yaitali m'Chingelezi chovuta, akubwereza kuti malamulo alipo kuti atsatidwe. Atamaliza, a Angelina anamufunsa funso limodzi: kodi balansa yatsopano inkawerenga kuki ya yakale? Cyprian anati nkhaniyo ili ndi mbali zambiri. Anamufunsanso funso lomwelo. Anati sinkawerenga, koma m'mayeso awo vuto silinaoneke.

Pamenepo a Angelina anafunsa Tryphena ngati ali ndi choonjezera. A Manasseh anamuyang'ana cham'mbali.

"Nili nacho, amayi," anatero Tryphena. "Ninafunsa funso limenelo milungu iwili yapita. Likanayankhidwa, dzulo kukanakhala chabe tsiku la nchito. A Cyprian anati anthu a kumadistiliki amadina zilizonse. Amene anadina chosayenela dzulo sanali ku Lundazi. Ine kalata ya chenjezo nilandila, lamulo naphwanya. Koma pali anthu sikisite-fili amene anapalasa njinga kubwela kuno, abwelela opanda dzina pa mndandanda, ndipo akukhulupilila kuti tawabela. Nifuna kudziwa kuti amene azakawauza zoona ni ndani."

Apo manijala wa ofesi ina ya kumpoto, amene anali asanalankhule, anati kwawonso mafomu ankafufutika Lachitatu m'mawa, koma iwo anaganiza kuti ndi netiweki, ndipo anangouza alimi abwere tsiku lina.

A Angelina sanakalipe. Anati mndandanda wa maofesi awiriwo utsekedwa Lachiwiri m'malo mwa Lachisanu, ndipo ofesi ya Lundazi ipatsidwe galimoto Loweruka kuti itsatire alimi kumidzi. Anati kuyambira tsopano, chilichonse chosinthidwa ku likulu chiziyesedwa kaye ku ofesi ya ku distiriki. Za Cyprian anati akambirana naye paokha. Za Tryphena anati kalata ya chenjezo ilembedwa ndithu, chifukwa akapanda kutero mawa aliyense azitsegula malaputopu mmene wafunira. Cyprian sanapepese, pamsonkhanopo ngakhale pambuyo pake.

Loweruka Tryphena ndi Witness anapita ku Kapichila. Uthenga unali utadutsa m'matchalitchi ndi kwa atsogoleri a magulu a alimi. Anaika tebulo pakhonde la sukulu ina, pamene netiweki inkagwira munthu akaimika foni pawindo. Tryphena anali atauza a Manasseh kuti apite nawo akalankhule okha ndi anthuwo, koma iwo anati ali ndi maliro ku Chipata. A Manasseh anali atamupepesa Witness mu ofesi, chitseko chotseka, ndipo Witness anangoti wamva.

Anthu anabwera mmodzimmodzi. Ena anaseka n'kunena kuti makina ndi makina. Ena sanapereke moni, anangotchula mayina awo n'kunyamuka. Bambo wina, tcheya wa gulu la alimi, anaima patali n'kunena kuti iye sadzalembetsanso ku bungwe lopanga anthu ngati ana, mbewu akapempha kwa mlamu wake. Tryphena anamutsatira mpaka kumsewu akumufotokozera, koma bamboyo anakwera njinga iye akulankhula. Pofika madzulo anali atalemba makumi anayi mphambu anayi. Asanu ndi atatu ena anabwera okha ku boma Lolemba. Otsalawo sanaoneke, ndipo mbewu ya chaka chimenecho inawadutsa.

Kalata ya chenjezo inafika patatha sabata. Tryphena anaiwerenga mu ofesi ya a Manasseh, nasaina, ndipo pansi pa dzina lake analemba kuti walandira koma sakuvomereza kuti ndiye anayambitsa vutolo. A Manasseh anati pa kalata yotero salembapo zina. Iye anati ngati likulu silikufuna, litumize ina, ndipo adzalembanso chimodzimodzi. Likulu silinatumize ina.

Witness anagwira ntchito mpaka kumapeto kwa chaka. Kumsika ankagula zinthu mofulumira, chifukwa panali amayi ena amene ankasiya kulankhula iye akamadutsa. Mu Januwale anapempha kuti amusamutsire ku Chipata, ndipo anamulola. Tsiku lonyamuka Tryphena anamuthandiza kukweza katundu pa basi, matiresi awiri ndi makatoni a mabuku a ana, kenaka anabwerera ku ofesi kukaphunzitsa kalaliki watsopano.